Zatheka, pulogalamu ija yalowa

Zikomo nonse munandiyankha pa vuto lija la pulogalamu yokana kulowa (kuinstola) pa laputopu ya Windows, imangolemba Error 1402 kuti key ina ya mu registry (momwe Windows imasungamo ma settings ake, m'timafoda totchedwa ma key) ikukanika kutseguka. Za Run as administrator ndinayesa, sizinaphule kanthu. Zomwe zagwira ndi zomwe anandilangiza achimwene ena a ku Nkhotakota, ndinatsegula regedit (pulogalamu yosinthira za mu registry) nkusaka key yomwe error ikutchula mu HKEY_LOCAL_MACHINE, pa Permissions ndinasintha Owner kukhala Administrators kenako nkuchonga Full Control, ma key apansi pakenso chimodzimodzi apo ayi ikanabe. Basi yalowa bwinobwino. Koma pangani kaye restore point (yobwezera Windows momwe inalili zinthu zikalakwika) musanagwire kalikonse, registry simasewera. Amene ankati ndiformate laputopu (kufufuta zonse nkuikanso Windows), ayi ndithu, okonza makompyuta kuno ku Salima akanangondidyera ndalama zanga.