Kodi mtsikana woyamba kumene zisudzo akhwimire kaye pa siteji, kapena apite ku kanema mwayi ukadalipo?

Azakhali_ake analemba:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa pa ntchito ya zisudzo. Mwana wa mchimwene wanga, yemwe ndamulera kuyambira ali wamng'ono, ali ndi zaka 20 ndipo watha zaka zitatu m'gulu lochita zisudzo za pa siteji, kumene tsopano wayamba kupatsidwa mbali zikuluzikulu. Sabata yatha anamuitana kuti akatenge kambali kakang'ono m'sewero la pa wailesi ya kanema lomwe limaonetsedwa tsiku ndi tsiku, koma masiku ojambula akuwombana ndi masiku oyeserera sewero latsopano la gulu lawo, ndipo mtsogoleri wa gululo wamuuza mosapsatira mawu kuti asankhepo chimodzi. Mtima wa mwanayu uli ku kanema, poti akuti kumeneko munthu amadziwika msanga, pamene ine ndikuopa kuti angachoke pa siteji asanakhwime. Kodi pa siteji pali chimene amaphunzira chomwe kamera singamuphunzitse, kapena awa ndi mantha chabe a munthu wachikulire?

Mkulu_wa_Zisudzo anayankha:

Mayi, mantha anuwo ali ndi maziko. Pa siteji mtsikana amasenza mbali yake kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, mwina kwa maola awiri, popanda womuimitsa kuti abwereze, ndipo zimenezi zimamuzoloweretsa kudziwa kumene munthu amene akumuseweretsayo wachokera ndi kumene akulowera. Amaphunziranso kutulutsa mawu kuchokera pansi pa chifuwa kuti afike kwa wokhala pampando wakumbuyo kwenikweni popanda kukuwa, komanso kudikira kuti kuseka kwa owonerera kutsike asanalankhule mawu otsatira. M'nyumba zazikulu za zisudzo za ku Broadway (ku New York) ndi ku West End (ku London) sewero limodzi limachitika kasanu ndi katatu pa sabata, ndipo amene wapirira kubwereza kotereku osalola kuti seweroyo izizire ndiye amene timamutcha wokhwima.

Ndikukumbukira usiku wina pamene mtsikana amene ndinkamuphunzitsa anagwetsa mwangozi kapu imene anayenera kupereka kwa mnzake, kapuyo n'kusweka pakati pa siteji. Iye sanayang'ane kwa ife kuseri kwa nsalu. Anagwada n'kuyamba kutola zidutswazo chimodzichimodzi uku akupitiriza mawu ake, manja akunjenjemera, mpaka owonerera anaganiza kuti zinakonzedwa motero. Nzeru yotereyi imabadwa munthu akasowa pothawira. Ine ndikanati amalize kaye sewero limene walonjeza, chifukwa pa ntchitoyi mbiri ya wosiya anzake pakati pa zoyeserera imayenda msanga kuposa mbiri ya luso lake.

Wakuseri_kwa_Kamera anayankha:

Ndikugwirizana ndi a Mkulu_wa_Zisudzo pa nkhani yosunga lonjezo, koma ndikuona kuti sanaichitire chilungamo kamera, yomwenso ndi mphunzitsi wankhanza. Ntchito yanga ndi yoonetsetsa kuti zimene tajambula lero zigwirizane ndi zimene tinajambula dzulo, choncho ochita zisudzo ndimawaonera pafupi kwambiri. Filimu sijambulidwa motsatira ndondomeko ya nkhani: mtsikana atha kulira maliro a mwamuna wake Lolemba m'mawa, kenako Lachinayi n'kujambula tsiku limene anakumana naye koyamba. Ayenera kuima ndendende pa kachizindikiro kamene tamata pansi popanda kuyang'ana pansipo, ndipo ngati ananyamula kapu ndi dzanja lamanzere pa mawu akutiakuti, ayenera kuteronso ulendo uliwonse umene tikubwereza, ngakhale kakhumi.

Ochokera ku siteji ambiri amavutika masiku oyamba chifukwa amazolowera kukulitsa chilichonse. Kamera ikayandikira nkhope, kukweza nsidze pang'ono chabe kumaoneka ngati kufuula, ndipo ndamvapo otsogolera filimu akubwereza mawu amodzimodzi tsiku lonse akuti, "Chepetsani, ingoganizani basi." Komabe ndivomereze kuti amene anadutsira ku siteji ndi amene sasochera tikamadumphadumpha m'nkhani, chifukwa mbali yonse amakhala ataisunga m'mutu. M'masewero a tsiku ndi tsiku nthawi yoyeserera imakhala yochepa kwambiri, motero wofika wopanda maziko amangophunzira kuloweza msanga ndi kubwereza nkhope zitatu zomwezo.

Musanaweruze, funsani zinthu zenizeni. Kambaliko n'ka masiku angati, ndipo kodi mgwirizano ukumuletsa kugwira ntchito kwina? Kodi adzaloledwa kutenga zidutswa za zimene wajambula kuti azikaonetsa pofunsira ntchito ina? Ngati pali womuimira pofunafuna ntchito, dziwani kuti womuimira weniweni amalandira gawo la malipiro ntchito ikapezeka (ku United States kawirikawiri ndi magawo 10 pa 100 alionse), ndipo wofuna ndalama mwanayo asanayesedwe n'komwe ndi woyenera kumuthawa. Zithunzi zachikondi kapena zofuna kuvula zilembedwe mumgwirizano asanasaine. Kampani ya kanema ya ku United States yotchedwa HBO inayamba mu 2018 kuika munthu wapadera woyang'anira zithunzi zotere, ndipo mtsikana ali ndi ufulu wofunsa kuti adzamuteteza ndani tsiku limenelo.

Wokonda_Mbiri anayankha:

Ine sindili pa ntchitoyi, koma ndimatsatira mbiri za akatswiri, ndipo awiri a mu Africa muno angakuthandizeni kuganiza. Lupita Nyong'o, yemwe anabadwira ku Mexico City mu 1983 n'kukulira ku Kenya, anasewera mbali ya Juliet ndi gulu la Phoenix Players ku Nairobi ali ndi zaka 14. Pambuyo pake anagwirako ntchito yotumidwa kuseri kwa kamera, anaonekera m'sewero la pa wailesi ya kanema lotchedwa Shuga mu 2009, kenako anabwerera m'kalasi ku Yale School of Drama, sukulu ya zisudzo ya ku United States, mpaka mu 2012. Filimu yake yoyamba yaikulu, 12 Years a Slave, inatuluka mu 2013 ali ndi zaka 30, ndipo inamupezetsa mphoto ya Oscar mu 2014. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti atatchuka choncho anabwereranso pa siteji m'sewero la Eclipsed, lolembedwa ndi Danai Gurira, lomwe linafika ku Broadway mu 2016.

Thuso Mbedu wa ku South Africa anaphunzira zisudzo pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, koma dzina lake linakulira pa wailesi ya kanema, m'sewero la Is'thunzi, lomwe linachititsa kuti asankhidwe kupikisana nawo pa mphoto za International Emmy mu 2017 ndi mu 2018. Zitatero anapatsidwa mbali yaikulu m'sewero la pa kanema la ku United States lotchedwa The Underground Railroad, lomwe linatuluka mu 2021. Onse awiri analowa ku kanema adakali achinyamata, koma analowa atasulidwa kale, ndipo palibe mwa iwo amene khomo linamutsekekera chifukwa chotha zaka zingapo akuphunzira. Pa zaka 20 mwana wanuyo sanachedwe ngakhale pang'ono.

Azakhali_ake anayankhanso:

Zikomo nonse. Nditawerenga mafunso a Wakuseri_kwa_Kamera ndinamukhazika pansi mwanayu, ndipo zapezeka kuti sanafunse n'komwe kuti kambaliko n'ka masiku angati, anangomva mawu akuti kanema mtima n'kudumpha. Lero waimba foni ndipo amuuza kuti ndi masiku anayi okha, amene awiri mwa iwo ndi omwe akuwombana ndi zoyeserera. Mawa akupita kukapempha mtsogoleri wa gulu lawo kuti amumasule masiku awiriwo, ndipo wanena yekha kuti akakanizidwa atsala m'sewero limene analonjeza. Nkhani ya kapu ija yamuseketsa kwambiri, poti iye ikanamugwera akuti akanathamangira kukafuna tsache.