Mitengo ya pakhomo pa amayi ku Zingwangwa

Achemwali aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Aneba akumunsi abweranso lero kwa amayi. Akuti mtengo wa bulugamu uja wapendekera kudenga kwawo, akufuna yankho mvula isanagwe. Tili mu Okutobala kale abale.

Mzime: Ndinalipo. Sanabwere ndi ukali, koma anena mosabisa kuti ukagwera malata awo tidzakonza ndife.

Achimwene a ku Joni: Ndiye chovuta n'chiyani? Pezani mnyamata wa nkhwangwa agwetse yonse itatu, bulugamu, malaina ndi mango omwe. Ndalama nditumiza Lachisanu.

Amalume: Taimani kaye mphwanga. Mitengo itatuyo mwini wake si mmodzi. Wa bulugamu uli m'kati mwa mpanda, ndi wathu, ukaononga kwa aneba mlandu ndi wathunso. Wa malaina uli kunja kwa mabikoni a poloti, m'malire a msewu, ndipo malo amenewo amayang'anira ndi khonsolo ya mzinda. Mukaugwetsa osawauza mutha kuitanidwa kukayankha.

Azakhali: Aaa, malaina uja anadzala ndi malemu achimwene ndi manja awo, ine ndikuona. Lero wasanduka wa khonsolo?

Amalume: Kudzala anadzaladi alamu, sindikutsutsa. Koma anadzala kunja kwa malire awo. Chimene akayang'ane ndi pomwe paima tsinde, osati dzanja lomwe linakumba dzenje.

Mlamu: Pepani ndilowepo. Ine nkhawa yanga ndi mawaya. Nthambi za malaina zafika kale pa mawaya a magetsi, mphepo ikaomba zimakhudza. Mtengo wauwisi umadutsa magetsi, munthu akakwera ndi chikwanje pamenepo tilira maliro. Tiwauze a ESCOM, iwo ndi amene amasadza nthambi za pafupi ndi mawaya awo, ndipo amayamba azimitsa kaye.

Achimwene a ku Joni: Chabwino alamu, ndamva. Koma makalata amenewa satenga chaka?

Achemwali aakulu: Tikangokhala osalemba ndiye atenga zaka ziwiri. Mzime, Lolemba upite ku Civic Centre ku Chichiri, ukafunse ofesi yoona za mitengo ndi mapaki. Kalata ndilemba ine usiku uno m'dzina la amayi. Utenge makope awiri, imodzi akakudindire ubwere nayo. Ujambulenso mtengowo, mawaya aoneke, ndi ming'alu ya pa mpanda yomwe mizu yang'amba. Ukafunsenso ngati wa bulugamu ukufunika chilolezo ngakhale uli m'kati, tisangoganiza tokha.

Mzime: Ndipita. Transipoti yokha musaiwale.

Amalume: Za bulugamu, nkhwangwa ayi. Mtengo wautali choncho pakati pa nyumba ziwiri saugwetsa wathunthu. Pafunika anthu a makina ndi zingwe, ayambe kunsonga, azitsitsa chidutswa chidutswa. Mugwirizane nawo pamaso pa aneba ndi amfumu a m'deralo kuti chikaphwanyika chinthu alipira ndani. Chitsanso asachisiye chabe, bulugamu amaphukira, pakatha zaka zochepa tidzakhalanso tikukambirana zomwezi.

Mzime: Amayi ali pompano, ndawawerengera zonse. Akuti bulugamu dulani, malaina zili kwa a khonsolo, koma mango asakhudze munthu. Akuti nonsenu munakulira mango amenewo.

Achimwene a ku Joni: Amayi, si mizu ya mango yomwe ikuphwanya paipi? Bilu ya madzi ya mwezi watha munaiona nonse.

Mlamu: Sitinakumbe, ndiye tisauweruze msanga. Chodziwika n'chakuti pakunyowa ndi pakati pa mita ndi nyumba. Mbali imeneyo a Blantyre Water Board sakonza, awo ndi paipi yofika pa mita. Ndibwera ndi pulambala Loweruka. Ikakhala mizu, paipi itha kulambalala, n'zotchipa kuposa kudula mtengo.

Azakhali: Mango akhale. Inu a ku Joni simunaone zomwe tinaona ife mu Marichi 2023 nthawi ya Freddy, matope ndi miyala kutsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Si patali ndi pamene pali amayi anu. Pakhomo paja m'potsetsereka, musamete mitengo yonse dothi n'kutsala pamtunda. Mukadula umodzi mudzale ina.

Achemwali aakulu: Zoona azakhali. Nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, mbande sizisowa nthawi imeneyo. Koma ulendo uno magwafa ndi mandimu, kutali ndi khoma, kutalinso ndi thanki ya chimbudzi.

Azakhali: Nanga matabwa a bulugamuyo? Ine khola la mbuzi landigwera kuno ku Thyolo.

Amalume: Hahaha, ndimadabwa kuti mwachedwa kufunsa. Mukafuna kuwanyamula mupeze kaye chikalata kwa a zankhalango, pa rodibuloko amafunsa. Nthambi zikhale nkhuni za achemwali anga, makala akwera mtengo. Zotsala musataye mu ngalande ya kumsewu. Ikatsekeka, madzi oyamba kulowa ndi pakhonde pathu pomwe.

Mzime: Ngalandeyo yadzaza kale masamba ndi majumbo. Imeneyonso tidikire khonsolo?

Achemwali aakulu: Ayi, imeneyo ndi khasu ndi wilibala basi, pamodzi ndi udzu wa kutsogolo kwa geti. Uwauzenso amayi mwaulemu kuti chaka chino chimanga cha m'mbali mwa msewu chija asadzale, a khonsolo amaletsa.

Mzime: Zimenezo mukawauze nokha achemwali, ine ndimagona nyumba yomweyi.

Achimwene a ku Joni: Ndiye tisonkhe zingati?

Achemwali aakulu: Alamu afunse odula awiri kapena atatu, tione kuti alipiritsa zingati, kenako tigawane. Zosonkha zibwere pa Mpamba yanga kapena Airtel Money, ndizilemba pano aliyense aone. Aneba ndiwayankha mawa m'mawa kuti bulugamu achoka Novembala asanafike.

Amalume: Muwauzenso kuti tsiku lodula achotse galimoto pabwalo, ana asasewere kumbali imeneyo.

Mlamu: Loweruka ndifika cha m'ma 8. Mzime, undipezeretu pikisi ndi fosholo.