Dzino lomatidwa kale labenthuka: amate choyera pambali pa chasiliva, kapena achotse chonse?

Bambo a Tadala: Anzanga a pagulu, makamaka inu ogwira ntchito ya mano, ndithandizeni maganizo. Ndili ku Dedza boma. Dzino langa lakumbuyo lotafunira linamatidwa kalekale ndi chomata chotuwa ngati siliva chija amati amalgam, ndipo silinandivutepo. Mwezi wathawu ndikukukuta chimanga chokazinga, khoma la mbali ya kutsaya linabenthuka. Chasilivacho chikadali m'malo mwake, koma pambali pake pali mpata woti lilime limangothamangirako. Madzi a kuno m'mawa wa mu June mukuwadziwa. Akangofika pamenepo ndimamva kubaya, kenako zii.

Adokotala amene anandiona akuti njira zilipo ziwiri: achotse chakale chonse n'kumata mwatsopano, kapena asiye chasilivacho n'kudzaza pobenthukapo ndi choyera chija amaumitsa ndi kuwala kwa buluu, composite. Iwo akukonda yachiwiri. Nkhawa yanga ili pamalire pomwe ziwirizi zikumanirane. Zingagwirane osasiya kampata? Kuzula sindikufuna. Amayi anga anazulitsa akumbuyo onse, lero nyama timachita kuwadulira tizidutswa.

Nachisale wa ku Lizulu: Achimwene zulani mupume. Langa anamata kawiri, mapeto ake ndinakazulitsabe.

Aphiri a Mano: Achemwali, dzino loti limabaya ndi madzi ozizira n'kusiya msanga nthawi zambiri mtsempha wake umakhala ukadali bwino, lizulidwe chifukwa chiyani? Bambo a Tadala, funso lanu lafika pamene ifenso timapasamala kwambiri. Amalgam samamatirira ku dzino. Amangokhala wopanikizika m'bowo lomwe tinalisema kuti limugwire, ndipo akamakalamba amachita ngati kadzimbiri m'mphepete, kamene kamatseka timipata. N'chifukwa chake ena amakhala naye zaka zoposa 10 osamva kanthu. Composite ndi wosiyana: timatsuka dzino ndi asidi wapadera, timapaka guluu wake, ndiye amamatirira ku dzino lenilenilo. Vuto lake ndi loti pouma amafota pang'ono, ndipo kufotako kumamukoka kuchoka m'mphepete.

Tsono pakati pa ziwirizi palibe kugwirana kwachibadwa. Timayenera kukhakhalitsa mbali ya chasilivacho, mwina kusemapo timizere, kupaka guluu, n'kuika choyeracho pang'onopang'ono, kuumitsa chigawo chilichonse pachokha. Chachikulu koposa ndi malovu. Pamalo pakangonyowa ntchito ili mkati, guluu sagwira, ndipo m'kupita kwa nthawi mudzaona kamzere kakuda m'malire, majeremusi atapeza njira. Pobenthukapo pakakhala kuti patsikira m'munsi mwa nkhama, m'pomwe pamavuta kuumitsa, komanso composite sagwira bwino kumeneko ngati mmene amagwirira pa chikuto cholimba cha pamwamba pa dzino.

Ine ndikugwirizana ndi adokotala anuwo, bola pansi pa chakalecho pasakhale powola. Nthawi iliyonse tikagumula chomata, dzino labwino limapita nawo pang'ono, bowo limakula. Apempheni akujambuleni X-ray asanayambe.

Mayi Mphunzitsi Ntcheu: Koma zasilivazo si zomwe akuti zili ndi poizoni? Ine ndikanati achotse chonse mwayi ulipo.

Aphiri a Mano: Mayi, n'zoona kuti pafupifupi theka la amalgam ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chomwe chili ndi poizoni, wosakanizidwa ndi siliva, tini ndi kopa. Pangano la Minamata la mu 2013 likulimbikitsa mayiko kuchepetsa kumugwiritsa ntchito, makamaka pofuna kuteteza chilengedwe, ndipo tsopano amalgam salangizidwa kwa ana osakwana zaka 15, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Koma chomata chomwe chili bwinobwino m'kamwa sitichotsa chifukwa cha mantha okha. Nthawi imene mercury amatuluka wambiri ndi pochigumula pomwepo.

Bambo a Tadala: Zikomo kwambiri Aphiri, mtima wakhalako pansi. Pobenthukapo ndikamayang'ana pagalasi pakuoneka kuti pafika pafupi ndi nkhama ndithu. Ndiye ngati malovu ndi ovuta chonchi, pali china chimene angaike? Nanga ndidikire mpaka malipiro a mwezi uno atuluke?

Aphiri a Mano: Chilipo, glass ionomer. Amapirira chinyezi kuposa composite, amagwira ku dzino payekha ndipo amatulutsa fluoride, mankhwala othandiza kuti dzino lisawole, kungoti ndi wofewerapo potafunira. Ena timamuika m'munsi pafupi ndi nkhama, composite n'kubwera pamwamba. Afunseni ngati ali naye. Khoma lotsalalo likakhala lopyapyala kwambiri angakuuzeni za chisoti chovindikira dzino lonse, zomwe mwina mungakazipeze ku Lilongwe. Podikira malipiro tafunirani mbali inayo, nzimbe ndi chimanga chokazinga muyambe mwasiya, ndipo muzitsuka pampatapo mukatha kudya. Likayamba kuwawa lokha usiku, kapena tiyi wotentha akamalipweteka nthawi yaitali, kapenanso tsaya likatupa, musadikire mapeto a mwezi, pitani tsiku lomwelo.