Kodi dokotala angadziwiretu ngati mankhwala a ADHD andithandiza?

Wofunsa:
Ndili ndi zaka 34 ndipo mwezi watha dokotala anandipeza ndi ADHD, vuto lolephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi kapena kukhazikika. Moyo wanga wonse ndinkangodziona ngati waulesi. Ndikayamba kulemba lipoti la kuntchito, sipapita mphindi 10 ndapezeka ndili pa zina, ndipo makiyi ndimawasakasaka m'mawa uliwonse. Andilembera methylphenidate koma mapiritsi akadali m'kabati, ndikuopa. Kodi palibe kuyeza magazi kapena kujambula ubongo kumene kungasonyezeretu ngati andiyanja? Sindikufuna kumwa mankhwala mongoyesa.

Yankho loyamba:
Achemwali, mantha amenewo nanenso ndinali nawo. Zoona zake n'zakuti kuyeza koteroko kulibe. Akatswiri ayesa majini (zachibadwa zotengera kwa makolo), EEG (kuyeza mafunde a magetsi a muubongo) ndi MRI (kujambula ubongo), koma palibe chimene madokotala amadalira kuti anene za munthu mmodzi. Ngakhale kulemera kwa thupi sikusonyeza bwino mlingo woyenera munthu wamkulu. Amakuyambitsani ndi mlingo wochepa n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Chondilimbitsa mtima chinali chakuti pafupifupi anthu 7 mwa 10 amathandizidwa, ndipo simudikira miyezi. Ritalin wamba, yemwe ndi methylphenidate yemweyo, amayamba kugwira ntchito ola lisanathe, n'kutha mphamvu pakapita maola 3 kapena 4.

Yankho lachiwiri:
Ine ndinali mwa atatu otsalawo. Methylphenidate ankandichotsa njala, m'kamwa kuuma gwa, ndipo usiku ndinkangoyang'ana kudenga. Ndinaganiza kuti basi zanga zada. Patatha masabata 6 adokotala anandisinthira ku lisdexamfetamine, wa m'gulu la amphetamine. Onsewa amawonjezera dopamine ndi noradrenaline, timadzi tonyamula mauthenga muubongo, koma m'njira zosiyana, n'chifukwa chake wina akakanika mnzakeyo amatha kugwira. Tsiku lachitatu ndinawerenga kalata yaitali mpaka kumapeto osadzuka pampando, misozi inalengeza. Chimene chinathandiza kwambiri ndi kakope komwe ndinkalembamo nthawi yomwera, nthawi yomwe mphamvu yatha, tulo ndi mmene ndadyera. Adokotala ankayamba ndi kuwerenga kakopeko.

Yankho lachitatu:
Musanayambe akuyezeni BP ndi kagundidwe ka mtima, ndipo muwauze ngati kwanu kuli matenda a mtima kapena ngati mumavutika ndi nkhawa. Methylphenidate ndi lisdexamfetamine akalephera kulinso atomoxetine, kungoti iyeyo amatenga masabata angapo kuti muone kusintha.

Wofunsa:
Zikomo nonse. BP anandiyeza kale, ili bwino, koma za mtima wa bambo anga sindinawauze. Ndiwaimbira kaye adokotala mawa, zikatheka ndiyamba Loweruka poti sindipita kuntchito. Kakope ndapeza kale.