Japan ndi Poland: n'chifukwa chiyani analira mosiyana?

Mphunzitsi wa ku Katoto:
Akuluakulu, ndikupempha maganizo anu. Pa 11 Marichi 2011 chivomezi ndi mafunde a tsunami zinapha anthu oposa 15,000 ku Japan, koma opulumuka ankaima pamzere modekha podikira madzi ndi chakudya, ndipo zikondwerero zambiri zinaimitsidwa. Ku Poland, ndege yawo itagwa ku Smolensk, m'dziko la Russia, pa 10 Epulo 2010 n'kupha anthu 96, kuphatikizapo Pulezidenti Lech Kaczyński, khamu linadzaza misewu ya Warsaw ndi makandulo, koma patangopita miyezi yochepa anthu anayamba kukanganirana mtanda umene unaimikidwa kutsogolo kwa nyumba ya pulezidenti. Kodi kusiyanaku n'kwa chikhalidwe chokha?

Mayi wa ku Chibavi:
Aphunzitsi, chikhalidwe sitingachichotsepo. Mwana wa ku Japan amaleredwa kuti asalemetse anzake ndi mavuto ake, pamene anthu ambiri a ku Poland ndi Akatolika, ozolowera kulira pamodzi poyera, ndi misa ndi nyimbo.

Bambo wa ku Luwinga:
Mayi, mwanena zoona, koma ine ndikuona kuti chachikulu ndi gwero la tsokalo. Chivomezi palibe amene angachizenge mlandu. Anthu a mu ndege ija ankapita kukakumbukira anzawo pafupifupi 22,000 amene apolisi achinsinsi a Soviet Union anawapha mu 1940, ku Katyn ndi malo ena, mlandu umene Moscow inaukana mpaka 1990. Atsogoleri a dziko akafera pa nthaka ya Russia pa ulendo wotero, n'zosadabwitsa kuti ena anakana kukhulupirira kuti inali ngozi, ngakhale ofufuza a ku Poland ndi ku Russia mu 2011 anatchula chifunga ndi zolakwa za anthu. Ndiponso tisaiwale kuti ku Japan komweko, pa nkhani ya malo opangira magetsi a nyukiliya a Fukushima, amene anawonongeka ndi tsunami ija, pamene panali kampani ndi boma zoti n'kufunsidwa, anthu masauzande anachita zionetsero ku Tokyo mu 2012.

Namwino wa ku Mchengautuwa:
Mfundo yanu, bambo, ikutikhudza ife a kuno. Namondwe Freddy atawononga kum'mwera mu Marichi 2023, tinasonkha ufa ndi zovala. Koma ndege itagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024, italephera kutera pano pa Mzuzu, n'kupha Wachiwiri kwa Pulezidenti a Saulos Chilima ndi anthu ena 8, chisoni chathu chinabwera ndi mafunso okhudza nyengo, ndegeyo ndi nthawi imene kufunafuna kunatenga, ndipo masiku 21 okhuza maliro atatha anthu ankafunsanabe m'maminibasi ndi mumsika.