Antchito anga savala zodzitetezera pa makina: ndiyambire pati?

Mmisiri wa Matabwa:
Ndili ndi shopu yaing'ono ya ukalipentala momwe mumagwira ntchito anthu asanu ndi mmodzi. Chaka chatha ndinawagulira magalasi oteteza maso, zotchinga mphuno ndi magolovesi, koma zambiri zimangokhala pa msomali. Sabata yatha mnyamata wina akucheka thabwa pa makina a sowo, thabwalo linadumpha n'kubwerera mwamphamvu mpaka kukamenya khoma, ndipo dzanja lake linangotsala pang'ono kulowa m'mano a sowo. Palibe amene anavulala, koma kuyambira tsikulo mtima wanga suli m'malo. Kodi anzanga a mabizinesi ang'onoang'ono mumatani kuti ngozi zichepe popanda kuwononga ndalama zambiri?

Mlangizi wa Chitetezo:
Bambo, mundikhululukire, koma munayambira kumapeto. Akatswiri amaika zovala zodzitetezera pamalo omaliza, chifukwa zimathandiza pokhapokha munthu akakumbukira kuzivala, pomwe choyamba ndi kuchotsa chinthu choopsacho kapena kuchitchinga kuti ngakhale munthu wotopa asachikhudze. Thabwa limabwerera choncho likapana sowo chakumbuyo, ndipo ndicho chifukwa chake makinawo amabwera ndi kachitsulo kopyapyala kamene kamaima kuseli kwa sowo kuti mng'alu usatsekeke. Onetsetsani ngati kachitsulo ndi chivundikiro cha sowo zilipo. Semaninso timitengo tokankhira thabwa kuchokera ku zidutswa zimene mumataya, kuti zala zizikhala kutali. Magolovesi asawavale pa sowo kapena pa makina oboolera, chifukwa nsalu ikakodwa imakoka dzanja lonse.

Mayi wa Zokonza Mipando:
Ine ndikufuna kuwonjezera za zoopsa zimene sizitulutsa magazi, chifukwa ndi zimene timazinyozera. Mu 1995 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pa dziko lonse, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno. Musalole antchito kupemerera fumbi ndi mpweya wa kompuresa, chifukwa limangobalalika n'kumapumidwa ndi aliyense. Ndi bwino kulikoka ndi makina pamalo pomwe likutulukira. Phokoso nalonso limagonthetsa pang'onopang'ono likafika madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola asanu ndi atatu tsiku lililonse. Ngati mukuchita kukuwa kuti mnzanu amene waima pa mtunda wa mita imodzi akumveni, dziwani kuti makutu akufunika zotsekera.

Wokonza Magalimoto:
Achimwene, zimene zinachitikazo zilembeni m'kabuku, ndipo muwauze anyamata kuti aliyense amene wapulumuka ngozi azinena popanda kuopa kudulidwa malipiro, chifukwa akamaopa amabisa mpaka tsiku limene wina adzavulale. Samalaninso ndi nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed opaka pa matabwa, chifukwa zikaunjikidwa zimatentha zokha mpaka kuyaka usiku shopu itatsekedwa. Funso langa ndi limodzi lokha: kodi inuyo magalasiwo mumavala?

Mmisiri wa Matabwa:
Zikomo nonse. Kunena zoona, inenso sindivala, ndipo kachitsulo kaja ndinakachotsa ndine ndemwe zaka ziwiri zapitazo pamene ndinkafuna kucheka mwachangu. Ndakapeza lero m'bokosi la zipangizo, kali ndi dzimbiri pang'ono, ndipo mawa makinawo sayatsidwa mpaka nditakabwezeretsa.