Ng'ombe 12 ndi nyumba ziwiri za alendo: chaka chikonzedwe bwanji kuti ntchito zisamawombane?

Mlimi_Watsopano:

Moni akuluakulu nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za ng'ombe komanso zogoneka alendo. Famu ndi ya mahekitala 18, ili ndi ng'ombe zazikazi 12 za nyama ndi nkhunzi imodzi imene imayenda nazo chaka chonse. Pali nyumba ziwiri za alendo obwera kutchuthi, iliyonse yogona anthu anayi. Madzi onse amachokera pa mjigo umodzi wa pampu, ndipo ogwira ntchito ndi awiri. Kodi ntchito za chaka zigawidwe bwanji kuti kubereka kwa ng'ombe, kudula udzu ndi kulandira alendo zisamagwere sabata imodzi? Nanga alendo, makamaka ana, aloledwe kufika pati?

Mbusa_Wakale:

Achimwene, yambani ndi nkhunziyo. Ikamayenda ndi zazikazi chaka chonse, ana amabadwa mwezi uliwonse, ndiye simungakonze kalikonse. Ichotseni, ikhale m'khola lake lolimba pamodzi ndi mfule imodzi yoikhazika mtima pansi, muziilowetsa kwa masiku 60 mpaka 90 pachaka basi. Ng'ombe imafuna nkhunzi pa masiku 21 alionse, choncho m'masiku 63 iliyonse imakhala ndi mwayi katatu. Nkhunzi yokhwima imakwanitsa zazikazi 25, ndiye 12 si ntchito kwa iyo, komabe dokotala wa ziweto aiyeze mwezi umodzi isanalowe. Nkhunzi yosabereka imakwera ngati inzake iliyonse, mumadzazindikira chaka chitapita kale.

Bere la ng'ombe limatenga masiku pafupifupi 283. Sankhani tsiku limene mukufuna mwana woyamba, werengani chobwerera, ndipo limenelo ndi tsiku lolowetsa nkhunzi. Kuti ng'ombe izibereka chaka ndi chaka iyenera kutenganso bere pasanathe masiku 82 chiberekereni, ndipo yowonda siichita zimenezo. N'chifukwa chake ana azibadwa msipu utangotsala pang'ono kuphuka, kuti mayi apeze udzu wanthete pamene mkaka ukumudya thupi. Pakatha miyezi iwiri nkhunzi itachoka, ziyezetseni bere. Imene ilibe, makamaka ngati ndi kachiwiri, igulitsidwe nyengo yosowa msipu isanafike.

Za chakudya werengani papepala. Ng'ombe ya makilogalamu 400 imadya udzu wouma wokwana makilogalamu 10 patsiku. Ngati miyezi yosowa msipu ndi isanu, amenewo ndi makilogalamu 1,500 pa ng'ombe imodzi, matani 18 pa ng'ombe 12, nkhunzi tisanaiwerenge. Udzu wothiridwa pansi umapondedwa ndi kukodzeredwa, gawo limodzi mwa magawo anayi limatha kutayika, choncho pangani modyera mokwera. Dulani udzu ukangoyamba kutulutsa ngala. Mukadikira kuti uchuluke, umasanduka mapesi opanda chakudya. Musaumange usanaume. Potokolani kamtolo m'manja: kakamathetheka kauma, kakamapindika kozizirira sikanaume. Udzu womangidwa wauwisi umachita nkhungu, umatentha m'kati, ndipo mulu waukulu umatha kuyaka wokha. Musausunge pafupi ndi nyumba za alendo.

Kudula udzu kumafuna masiku atatu kapena anayi a dzuwa ndi manja onse a pafamu. Tsekani nyumba imodzi pa kalendala m'masabata amenewo, kapena pezeranitu waganyu woyeretsa.

Mayi_Malo_Ogona:

Ndiwonjezere za nyumbazo, pakuti pamenepo mpamene anthu awiriwo angathere mphamvu. Chimene chimadya nthawi ndi tsiku losinthana alendo, osati kuchuluka kwa masiku amene agona. Nyumba ya anthu anayi imafuna maola awiri kapena atatu kuti iyeretsedwe bwino. Ikani lamulo loti mlendo agone masiku osachepera awiri, m'nyengo yotanganidwa atatu. Otuluka azituluka 10 koloko m'mawa, olowa azilowa 3 koloko masana, ndipo ntchito ya ng'ombe ithe isanakwane 9. Tsiku lodipa kapena lobaya katemera lisakhale losinthana alendo. Woyeretsa m'nyumba akhale ndi nsapato ndi zovala zosiyana ndi za kukhola, chifukwa fungo la ndowe limakakamira pa nsalu ndipo amene walizolowera salimva.

Bedi lililonse likhale ndi nsalu zitatuzitatu: za pabedi, za kochapa ndi za m'kabati. Zikakhala ziwiri, tsiku la mvula mudzayala zachinyezi.

Madzi ndi amene andidetsa nkhawa pa funso lanu. Ng'ombe imamwa malita 40 mpaka 60 patsiku, yoyamwitsa m'nyengo yotentha imaposa pamenepo. Ng'ombe 12 ndi malita pafupifupi 600. Mlendo wosamba m'shawa ndi kugwiritsa chimbudzi chamadzi amatha malita 100 mpaka 150, ndiye anthu asanu ndi atatu atha pafupifupi 1,000, kuposa ng'ombe zonse pamodzi. Pampu ikafa, onse afuna madzi tsiku lomwelo. Khalani ndi matanki awiri osiyana, lililonse losunga madzi a masiku awiri kapena atatu, ndipo paipi yothira momwera ng'ombe izikhala pamwamba pa madzi, isamire, kuti madzi akuda asabwerere m'mapaipi a kunyumba. Khola, mulu wa ndowe ndi dzenje la zimbudzi zikhale mamita osachepera 30 kuchokera pa mjigo, kumunsi kwake. Madzi akumwa aziyezedwa ku labotale kamodzi pachaka, makamaka mvula yamphamvu itangodutsa.

Nyumba ikakhala masabata osagonamo munthu, tsegulani mipope ndi shawa kwa mphindi zingapo alendo asanafike, ndipo giza izitenthetsa madzi kufika madigiri 60, chifukwa tizilombo ta Legionella, toyambitsa chibayo, timaswana m'madzi ofunda ongoima. Ngati muli chipangizo cha gasi kapena moto wa makala, ikani alamu ya utsi ndi ya carbon monoxide. Mpweya wa carbon monoxide umapha, koma sununkha.

Mukamalengeza nyumba pa Airbnb ndi Booking.com, masamba a pa intaneti osungitsirapo malo ogona, nthawi imodzi, lumikizani makalendala, koma dziwani kuti amachedwa kuuzana, mwina maola angapo. Wina akangosungitsa malo, tsekani nokha masikuwo kwinako.

Wazaumoyo_wa_Ziweto:

Bambo, pa funso la ana: aone ng'ombe, koma pakati pakhale mpanda. Ng'ombe yofatsa chaka chonse imasintha ikangobereka, ndipo imaona galu ngati chilombo chodzagwira mwana wake. Ngati mulola agalu a alendo, aziyenda pachingwe ndiponso asalowe m'busa. Auzeni alendo kuti ng'ombe zikawathamangira asiye chingwe; galu amathawa yekha, koma womukumbatira ndi amene amapondedwa. Kumene njira ya alendo yayandikana ndi busa, ikani mipanda iwiri yotalikirana mita imodzi ndi theka kuti dzanja la mwana lisafike. Zipata zikhale zodzitseka zokha. Waya wamagetsi akhale ndi zikwangwani, ndipo muzitchetcha pansi pake chifukwa udzu wokhudza waya umamwa mphamvu.

Matenda ambiri amene mlendo angatenge amachokera ku ndowe kupita m'kamwa kudzera m'manja. Tizilombo ta E. coli O157 timakhala m'matumbo a ng'ombe yooneka yathanzi, koma mwa mwana wamng'ono timatha kuwononga impso. Tizilombo ta Cryptosporidium timachuluka mwa ana a ng'ombe otsegula m'mimba, ndipo sanitaiza satipha. Pafunika mpope, sopo ndi chopukutira potulukira penipeni, mpope wina wotsika woti mwana aufike. Pasadyedwe chilichonse pafupi ndi khola. Mwana wa ng'ombe wa zigamba zotuwa zozungulira kumaso ali ndi chipere, ndipo chimapatsirana ndi anthu. Amayi oyembekezera asayandikire pobereka ng'ombe, nsengwa kapena mwana wopita padera, chifukwa cha matenda a brucellosis ndi Q fever, amene munthu amatenga ku ziweto. Nsengwa ndi mwana wopita paderayo zikwiriridwe mozama ndi munthu wovala magolovesi.

Alendo nawonso amadwalitsa ng'ombe. Majumbo, zingwe ndi tiwaya zimamezedwa n'kukhala m'chifu, msomali umatha kuboola mpaka kufika ku mtima. Batire lakale lotayidwa kuseri kwa nyumba ng'ombe imalinyambita n'kufa ndi poizoni wa mtovu. Zotsala za patebulo zisaponyedwe m'busa. Amene achokera ku famu ina aponde m'mankhwala ophera tizilombo, popeza matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amayenda ndi nsapato ndi matayala.

Ntchentche m'nyengo yotentha zimachoka pa dzira kufika pouluka m'masiku 7 mpaka 10. Kolopani khola kawiri pasabata, mulu wa ndowe uvindikiridwe, ndipo ukhale kumene mphepo imalowera ikadutsa nyumba, osati kumene imachokera. Funsaninso a inshuwalansi molemba ngati pepala lanu likuphimba mlendo wovulazidwa ndi chiweto, chifukwa la famu wamba nthawi zambiri siliphimba.

Mayi_Malo_Ogona:

A Mbusa, pamenepa ndisiyane nanu pang'ono. Mabanja ambiri amasankha famu kuti ana aone tiana ta ng'ombe. Bwanji osakweretsa kuti kubereka kugwere m'tchuthi cha sukulu?

Mbusa_Wakale:

Ayi mayi, tsiku lobereka lizitsata msipu. Mukalisuntha chifukwa cha tchuthi, ng'ombe zibereka pouma, ziwonda, ndipo chaka chotsatira zina sizitenga bere. Komanso masabata obereka amafuna kuyendera khola usiku pa maola atatu kapena anayi alionse, makamaka misoti yobereka koyamba. Thumba la madzi likaoneka, pakatha ola limodzi popanda kusintha pafunika kuona chavuta. Mwana ayamwe chithuwi, mkaka woyamba uja, m'maola asanu ndi limodzi oyamba, ndipo mchombo uviikidwe mu ayodini. Munthu amene wachita zimenezi 2 koloko usiku sangayale mabedi bwino m'mawa. Ana a ng'ombe a miyezi iwiri kapena itatu ndi amene amasangalatsa alendo: amathamangathamanga, ndipo amayi awo amakhala atafatsa.

Chimene mungasunthe momasuka ndi kuleketsa kuyamwa, paliponse pakati pa miyezi 6 ndi 8. Mukawalekanitsa, mayi ndi mwana amalira usana ndi usiku kwa masiku awiri kapena atatu, palibe mlendo angagone. Ikani ntchitoyi m'sabata imene nyumba zili zopanda anthu. Alekanitseni ndi mpanda wolimba woti azionana ndi kununkhizana. Kulira kumachepa ndipo ana sasiya kudya. Kuthena, kudula nyanga ndi kukweza ng'ombe m'galimoto yopita kumsika nazonso zichitike alendo kulibe.

Mlimi_Watsopano:

Zikomo kwambiri nonse. Funso lomaliza: imodzi mwa ng'ombezi ikamakamidwa, mkaka wake alendo angapatsidwe?

Wazaumoyo_wa_Ziweto:

Wosaphika ayi, ngakhale mlendo aupemphe yekha. Umatha kunyamula brucellosis, chifuwa chachikulu cha ng'ombe, tizilombo ta Listeria ndi E. coli uja, koma maonekedwe ndi kakomedwe kake osasintha. Utenthetseni kufika madigiri 63 kwa mphindi 30, kapena 72 kwa masekondi 15, mukuyeza ndi themomita ndi kutakasa, kenako uziziritseni msanga m'botolo lotsukidwa bwino n'kuuika m'firiji pa madigiri 4 kapena kutsika. Ngati mulibe themomita, uwiritseni mpaka ubwadamuke. Ng'ombe yokamidwayo iyezedwe matenda awiri oyambawo chaka chilichonse. Ikabayidwa mankhwala, werengani pabotolo masiku amene mkaka suyenera kumwedwa, lembani tsiku lomaliza pachitseko cha khola, ndipo mkaka wa masiku amenewo utayidwe, chifukwa kuwiritsa sikuchotsa mankhwala. Musanayambe kupereka kapena kugulitsa chakudya chilichonse kwa alendo, kafunseni ku ofesi ya zaumoyo ya m'dera lanu ngati pakufunika chiphaso.